Khutu Likamatsata Maso



Nyengo yogulitsa fodya ikafika, kapena pamene mpingo wasonkha ndalama zoti ugulire zokuzira mau za m'tchalitchi, pamabuka funso limodzi limene limasautsa anthu ambiri: tigule iti? Munthu amalowa m'sitolo ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, napeza mawailesi, masipika ndi maampulifaya ataunjikidwa mpaka kudenga, onse akuphethira tinyali tofiira ndi tobiriwira. Popeza iye mwini sadziwa za m'kati mwa zipangizozo, amatsamira pa mau a ena: wogulitsa, mnzake amene adagula chaka chatha, kapenanso akatswiri a kunja amene ntchito yawo ndi kumvetsera zipangizo zatsopano ndi kulemba maganizo awo kuti ogula awerenge. Ndalama zimene zimatuluka m'thumba tsiku limenelo ndi thukuta la chaka chathunthu. Tsono madzulo ano ndifuna tikambirane ngati mau a akatswiri oterewa ali oyenera kuwakhulupirira.

Ndineneretu kuti sindidzawatcha anthu amenewa abodza. Ambiri a iwo amalemba zimene amvadi. Vuto lagona pakuti khutu la munthu siligamula lokha. Limayamba lafunsira kwa maso, ndiponso kwa mtima umene wadziwa kale mtengo wa chinthucho. Nkhani zimene nditi ndifotokoze zidachitikira ku America ndi ku Canada, kumene mkangano umenewu wakhalako zaka zoposa 100, koma pomaliza tidzabwerera m'sitolo mwathu muja.

Tiyambe ndi Thomas Edison, amene m'chaka cha 1877 adapanga makina oyamba otha kusunga mau a munthu ndi kuwabwereza. Pofika chaka cha 1915 kampani yake idali kugulitsa galamafoni yotchedwa Diamond Disc, ndipo idapeza njira yochenjera kwambiri yoitsatsira. Inkabwereka holo yaikulu n'kuitana anthu a mumzindamo. Pa nsanja pankaima woimba wotchuka, ndipo pambali pake pankakhala galamafoni ya matabwa onyezimira. Mbale ikayamba kuzungulira, woimbayo ankaimba limodzi ndi mau ake omwe ojambulidwa m'mbalemo. Mwadzidzidzi ankaleka, kenaka n'kuyambiranso, kuti anthu aone ngati angazindikire kusiyana. Chimodzi mwa zionetsero zoyambirira chidachitikira ku Montclair, m'chigawo cha New Jersey, mu Sepitembala 1915, woimba wake ali Christine Miller. Koma chimene chidatchuka koposa ndi cha mu Malichi 1920 ku Carnegie Hall, mumzinda wa New York. Tsiku limenelo ankaimba ndi Anna Case. Nyimbo ili m'kati, nyali zonse zidazimitsidwa, koma mau adapitirirabe kumveka mumdimamo. Nyali zitayakanso, pa nsanja padalibe munthu. Mayi aja adali atachoka mwakachetechete, ndipo galamafoni inkaimba yokha. Anthu adaomba m'manja, ndipo olemba nyuzipepala adachitira umboni kuti sadathe kusiyanitsa munthu ndi makina.

Inu amene mudakula mukumva galamafoni yopukusa ndi dzanja m'midzi mwathu muno mukudziwa kulira kwake: mau opyapyala otuluka ngati m'chitini, pamodzi ndi kaphokoso konga ka mvula yowaza pa malata. M'masiku a Edison mbale zinkajambulidwa popanda magetsi. Woimba ankaimbira m'lipenga lalikulu, ndipo mphamvu ya mau ake ndiyo inkagwedeza singano yolemba pa phula. Mau akuya kwambiri sankalowamo, ngakhalenso okwera kwambiri. Mwana wa sukulu wa lero angasiyanitse galamafoni imeneyo ndi munthu wamoyo nyimbo isanapite patali. Nanga zidatheka bwanji kuti anthu ophunzira, odziwa nyimbo, apusitsike pa zionetsero zikwizikwi kwa zaka pafupifupi 10? Mbali ina ya yankho adaipereka Anna Case mwini wake atakalamba: adavomera kuti ankasintha mau ake kuti afanane ndi a makinawo. Munthu ndiye ankatsanzira galamafoni. Koma mbali yaikulu ya yankho ili mwa omverawo. Adalowa m'holomo atauzidwa kale chimene adzamve, adali asanamvepo makina oposa amenewo, ndipo mtima wawo unkafuna kuona chozizwitsa. Palibe amene adawapatsa chiphuphu. Adachitira umboni zimene adamvadi.

Mwina ndionjezepo kuti Edison mwini adali ndi vuto lalikulu la kumva kuyambira ubwana wake. Pofuna kuweruza nyimbo, ankaluma thabwa la galamafoni kuti mau adzere m'mano ndi m'mafupa a mutu. Ameneyo ndiye ankasankha oimba oyenera kujambulidwa ndi kampani yake.

Patapita zaka, ntchito yotsogolera ogula idagwera m'manja mwa magazini olemba za zipangizo za nyimbo. Apa padalowa vuto lina, la ndalama. Kusindikiza magazini kumadya ndalama zambiri, ndipo zimene owerenga amalipira sizikwanira. Zotsalazo zimachokera kwa makampani amene amagula masamba otsatsirapo malonda awo. Makampani amenewa ndi omwewo amene katundu wawo akuweruzidwa pa tsamba loyandikana nalo. Kuonjezera apo, wolemba kawirikawiri sagula chipangizo chimene akuyesa. Amachita kubwerekedwa ndi kampani, nthawi zina kwa miyezi yambiri, ndipo akachikonda amaloledwa kuchigula pa mtengo wotsika. Palibe amene amamuuza kuti, "Ulembe zabwino." Sipafunika kutero. Mlendo amene wadya nsima ya mwini nyumba savutika kupeza mau oyenera kunena potsazika. Akanyoza katundu wa kampani ina, mawa sadzabwerekedwanso china, ndipo wopanda choyesa alibe cholemba. Chotsatira chake n'chakuti chipangizo choipa sichinyozedwa kawirikawiri. Chimangosiyidwa osatchulidwa, ndipo wowerenga amaona ngati zonse za m'sitolo n'zabwino, kungoti zina n'zabwino koposa.

Mmodzi wa olemba amene adatopa ndi zimenezi ndi J. Gordon Holt. Iye adagwirapo ntchito ku magazini yotchedwa High Fidelity, ndipo m'chaka cha 1962 adayambitsa yakeyake, Stereophile, imene poyamba sinkalandira malonda a makampani opanga zipangizo. Mfundo yake idali yakuti chipangizo chiziweruzidwa ndi khutu, osati ndi manambala okha a pa mita. Cholinga chidali chabwino, koma chidatsegula khomo limene Holt mwini adadzadandaula nalo atakalamba, monga timve posachedwapa. Ndipo patapita zaka magazini yakeyo nayonso idayamba kulandira malonda, pakuti wosindikiza salipidwa ndi mfundo.

Tsono wina anganene kuti: chabwino, tiyeni tikhulupirire okhawo amene salandira kanthu kwa makampani. Alipo otero. Bungwe limene limasindikiza magazini ya Consumer Reports lidakhazikitsidwa ku America m'chaka cha 1936 ndi dzina lakuti Consumers Union. Sililandira malonda a kampani iliyonse, ndipo katundu amene limayesa limagula lokha m'sitolo monga munthu wamba. M'chaka cha 1970 lidalemba za masipika otchedwa Bose 901, opangidwa ndi kampani ya Amar Bose, mphunzitsi wa pa sukulu yaukachenjede ya MIT. Masipika amenewa adali achilendo: m'bokosi lililonse mudali timasipika 9, ndipo 8 tinkaloza kukhoma, kamodzi kokha ndiko kankaloza kwa womvera. Magaziniyo idalemba kuti pomvetsera, zida zoimbira zinkamveka zazikulu mopitirira muyeso, ndiponso zinkakhala ngati zikuyendayenda m'chipinda. Kampani ya Bose idakasuma. Woweruza woyamba adapeza kuti katswiri amene adamvetserayo adamva mau akuyenda motsata khoma, osati m'chipinda monse, ndipo adagamula mokomera kampaniyo. Mlandu udapitirira mpaka ku bwalo lalikulu koposa la dzikolo, limene mu Epulo 1984 lidagamula, oweruza 6 kutsutsana ndi 3, kuti padalibe umboni wokwanira wakuti bungwe lija lidalemba mauwo likudziwa kuti ndi olakwika. Taganizani, omvera: zaka 14 zidadutsa, anthu akukangana za timau towerengeka! Mlandu umenewu umaonetsa zimene zimamugwera wolemba akanena zosakomera kampani yamphamvu, ndipo n'chifukwa chake olimba mtima chotero ali ochepa. Komatu umaonetsanso kuti ngakhale wolemba wosadya za munthu amavutika kusandutsa chimene khutu lamva kukhala mau olembedwa osaphonya.

Munthu amene adaika nkhani yonseyi pa sikelo ndi Floyd Toole. Iye adagwira ntchito zaka zoposa 25 ku bungwe lofufuza za sayansi la boma la Canada mumzinda wa Ottawa, pambuyo pake n'kupita ku kampani ya Harman, eni ake a masipika a JBL amene ambiri a inu mumawadziwa. M'chaka cha 1994 iye ndi mnzake Sean Olive adafalitsa zotsatira za kafukufuku wosavuta kumvetsa. Adatenga anthu 40 ogwira ntchito pa kampaniyo, ena ozolowera kuyesa zipangizo, ena osazolowera, nawapatsa mitundu 4 ya masipika kuti aipatse malikisi. Ulendo wina masipikawo adabisidwa kuseri kwa nsalu yopyapyala imene mau amadutsa koma maso saona. Ulendo wina nsalu idachotsedwa, ndipo omvera adadziwa dzina ndi mtengo wa sipika iliyonse. Nyimbo zidali zomwezo, chipinda chomwecho, makutu omwewo. Nsalu itachotsedwa, masipika akuluakulu okwera mtengo adakwezedwa malikisi, ndipo aang'ono otsika mtengo, amene kuseri kwa nsalu adachita bwino lomwe, adatsitsidwa. Chodabwitsa koposa ndi ichi: sipika ikasunthidwa n'kuikidwa malo ena m'chipinda, mau ake amasinthadi, ndipo pamene nsalu idalipo omvera adazindikira kusinthako, nasintha malikisi awo. Koma pamene ankaona masipikawo, malikisi sadasinthe kwenikweni. Maso adali atagamula kale mlandu, khutu lidangovomera. Ndipo ozolowera aja sadapulumuke ayi. Adatengeka monga anzawo osazolowera.

Zimenezi sindinena ngati munthu woimirira patali. Tsiku lina m'chipinda chojambuliramo mau tidali kukonza nyimbo ya kwaya ina imene inkamveka youma. Ndidagwira batani loonjezera mau akuya n'kumalipotokola pang'onopang'ono, ndipo ndidamva ndithu mau akufewa, akunona. Mnzanga amene adali pambali panga adagwedeza mutu nati, "Basi achimwene, pomwepo, musapitirize." Tonse awiri tidakhutira. Patapita kanthawi ndi pamene tidaona kuti batani lija lidali la mzere wina umene sudalumikizidwe ku chilichonse. Palibe chimene chidasintha m'chipindamo kupatula m'mitu mwathu. Tidaseka, koma kudali kuseka kwa manyazi. Funsani aliyense amene wagwira ntchito ya zokuzira mau kwa zaka zingapo. Akakhala woona mtima adzakuuzani kuti zidamuchitikirapo.

Pali msampha winanso umene khutu limakodwamo ngakhale maso atatsinzina, ndiwo kukwera kwa mau. Zipangizo ziwiri zikamayerekezedwa, chimene chikulira mokweza pang'ono chabe chimamveka ngati chabwino koposa, ndipo womvera sanena kuti chakwera ayi. Amanena kuti mau ake ndi omveka bwino, besi yake ndi yodzaza. Chifukwa chake chidafotokozedwa kalekale, m'chaka cha 1933, ndi Harvey Fletcher ndi Wilden Munson: phokoso likakhala lotsika, khutu silimva bwino mau akuya, ndipo voliyumu ikakwezedwa mau amenewo amatulukira. Ogulitsa ambiri sadawerengepo za anthu awiriwa, koma dzanja lawo limadziwa kukhudza batani pamene afika pa wailesi imene afuna kuti mugule. Kenaka pali kuiwala. Khutu limasunga kamvekedwe kenikeni ka mau kwa masekondi ochepa chabe. Munthu amene akukuuzani kuti sipika imene akumva lero iposa imene adamva mwezi watha akuyerekeza chimene akumva ndi chimene akukumbukira kuti adaganiza. Pamwamba pa izo pali ukalamba. Mwana amamva mau onjenjemera kuyambira ka 20 mpaka ka 20,000 pa sekondi imodzi, koma ambiri a ife amene tapitirira zaka 50 sitimvanso opitirira 15,000, ngakhale kuti ndife amene timakhala pa mipando ya uphungu.

M'chaka cha 1987 magazini ya Stereo Review idasindikiza zotsatira za kuyesa maampulifaya mobisa, voliyumu itafananizidwa mosamala. Pakati pa zipangizozo padali ya Pioneer ya madola pafupifupi 220 ndi ina ya madola 12,000. Omvera sadathe kuzisiyanitsa koposa mmene munthu angachitire pongolota. Okonda zipangizo zodula adatsutsa, nati kuyesa kotere kumatopetsa khutu ndi kubisa kusiyana kumene kumaonekera munthu akakhala ndi chipangizo kwa milungu yambiri. Mkanganowo ulipobe mpaka lero. Koma Holt uja, pofunsidwa m'chaka cha 2007 ndi magazini yomwe adayambitsa, adanena mosapsatira kuti malonda a zipangizo zodula adataya ulemu wake m'zaka za m'ma 1980, pamene eni ake adakana kuti zipangizo ziziyesedwa mobisa.

Nkhani ya posachedwapa ndi ya mbale. Mwina ena mudabwa kumva kuti mbale zakuda zija zidabwereranso pa msika m'maiko a kunja, ndipo zikugulidwa kwambiri. Ozikonda ambiri amanena kuti nyimbo ikangodutsa m'kompyuta n'kusandutsidwa manambala imataya moyo wake, ndi kuti iwo angathe kuzindikira zimenezo ndi khutu. Kampani ina ya ku America yotchedwa Mobile Fidelity inkalemekezedwa kwambiri chifukwa ogula ankakhulupirira kuti mbale zake zinkakonzedwa kuchokera pa tepi yoyambirira popanda kudzera m'kompyuta. Zina zinkagulidwa pa madola oposa 100. Olemba adaziyamikira kwa zaka zambiri. Mu Julaye 2022 mwini sitolo ina ya mbale mumzinda wa Phoenix adanena poyera kuti wamva zosiyana ndi zimenezo. Atapita kukaonana ndi amisiri a kampaniyo ku California, iwo adavomera kuti nyimbo zambiri ankayamba azisandutsa manambala asanakonze mbale, ndipo zidadziwika kuti mchitidwewu udalipo kale pofika chaka cha 2011. Kampani idapepesa, ogula adakasuma, ndipo mlandu udatha ndi mgwirizano wa madola pafupifupi 25 miliyoni. Mbalezo zidali zabwino ndithu, ndipo zikadali zabwino. Koma kwa zaka zosachepera 11 makutu otchuka aja sadamve chinthu chimene ankalumbira kuti sichingawadutse. Chinsinsi chidaululika chifukwa cha mphekesera ndi munthu mmodzi wolimba mtima kufunsa.

Musandimve molakwa, ngati ndikuti zipangizo zonse n'zofanana, kapena kuti khutu n'lachabe. Masipika amasiyana kwambiri, ndipo kusiyana kwake kumamveka ngakhale kuseri kwa nsalu. Kafukufuku wa Toole ndi Olive adapezanso chinthu cholimbitsa mtima: chipangizo chikabisidwa, anthu ambiri a makutu abwinobwino, akatswiri ndi anthu wamba omwe, amakonda masipika amodzimodzi, ndiwo amene amatulutsa mau akuya, apakati ndi okwera molingana, osakometsera ena ndi kupondereza ena. Ndipo masipika otero amadziwika ndi mita asanamvedwe n'komwe. Ndiye kuti mita ndi khutu si adani. Zimagwirizana bwino lomwe, malinga maso asalowerere. Amene amasinthasintha malikisi, lero kuyamikira chimene dzulo adanyoza, adapezeka kuti kawirikawiri ndi aja amene makutu awo adayamba kuonongeka.

Olemba amene atithandiza koposa ndi aja osachita manyazi kugwira sikuludiraiva. Mu Januwale 2010 akatswiri ena a ku America adatsegula makina oimbira madisiki a nyimbo ndi mafilimu otchedwa Lexicon BD-30, a madola 3,500. M'kati mwa chibokosi chake chokongola cha aluminiyamu adapezamo makina ena, a kampani ya Oppo, amene ankagulitsidwa pa madola pafupifupi 500, atalowetsedwa momwemo ndi chitsulo chake chomwe. Atayesa ndi mita mau otuluka m'makina awiriwo, sadapeze kusiyana kwenikweni. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere; apa m'katimo mudalibe nyerere, mudali nkhuyu ya mtengo wina, yogulitsidwa mokwera ka 7. Ndipo kuti muone kuti dzina lokha si chikole, kampani ya Lexicon idali ya Harman yomwe ija, kumene kudachitikira kafukufuku wa nsalu.

Tibwerere tsopano m'sitolo mwathu muja, pakuti manambala nawonso amanama akapanda kufunsidwa bwino. Pa makatoni a mawailesi ndi masipika ambiri a m'misika yathu pamalembedwa manambala akuluakulu: 2000W, 5000W, ndipo pambali pake tizilembo ting'onoting'ono takuti PMPO. Zilembo zinayi zimenezi zilibe muyeso umene onse adagwirizana. Kampani iliyonse imalemba nambala imene yaikonda. Ku America kukokomeza mawati kudafika poipa kotero kuti m'chaka cha 1974 boma lidakhazikitsa lamulo lakuti wogulitsa ampulifaya azinena mphamvu imene ingatulutse mosalekeza, imene pa katoni imalembedwa kuti RMS. Inu simusowa lamulo kuti mugwire bodzali. Chipangizo sichingatulutse mosalekeza mphamvu yoposa imene chikudya. Ayironi yositira ya magetsi imadya mawati ngati 1,000 kapena kuposerapo, ndipo mukudziwa kutentha kwake. Pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito kuno ili ndi fyuzi yosaposa maampu 13, ndipo pa mavoti 230 idapangidwira mawati osapitirira 3,000. Nanga kawailesi koyendera miyala 4 ya tochi kangatulutse bwanji mawati 2,000? Kakayesetsa kwambiri, sikafika ngakhale pa 10. Tembenuzani chipangizocho, muwerenge kachikwangwani ka kumbuyo pamene palembedwa magetsi amene chimadya. Mukapeza 30W kumbuyo ndi 5000W kutsogolo, khulupirirani za kumbuyo. Dziwaninso kuti mawati akawirikizidwa kawiri mau amangokwera pang'ono. Kuti amveke okwera kawiri pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi ka 10.

Choncho mukamawerenga kapena kumva katswiri akuyamikira chipangizo, musataye nthawi kufunsa ngati ali munthu wabwino. Mwina ndi wabwinodi, monga adaliri anthu aja a ku Carnegie Hall. Funsani kuti adamvetsera motani. Kodi ankaona chimene akumva? Kodi adafananiza voliyumu? Adagula yekha, kapena adabwerekedwa? Kodi chiyambire ntchito yake adanyozapo chinthu chilichonse? Ine wolemba amene amandiuza kuti waya wa madola mazanamazana wasandutsa nyimbo kukhala yotsekemera ndimamuwerenga monga ndiwerengera nthano, mokondwa koma chikwama chili chotseka. Amene amandionetsa zimene mita yapeza, nanena poyera kumene chipangizo chachokera ndi zofooka zake, ameneyo ndimamutchera khutu. Ndipo pa funso limene kwa ife ndi lalikulu koposa, lakuti kodi chipangizochi chidzapirira fumbi la mwezi wa Okutobala, magetsi othimathima ndi ulendo wa pa njinga, akatswiri a kunja alibe yankho, pakuti amakhala nacho kanthawi chabe m'nyumba yopanda fumbi. Amene adziwa ndi mmisiri wokonza mawailesi pa msika wa kwanu. Iye amaona mitundu imene imabwera kawirikawiri itapsa, ndiponso imene zitsulo zake zimapezeka mosavuta. Mufunseni ndalama zikadali m'thumba, koma muyambe mwaonetsetsa kuti iyenso alibe yake yogulitsa pansi pa tebulo.

Tsiku logula, pitani awiri. Tengani nyimbo imene mumaidziwa bwino, ndiponso mau ojambulidwa a munthu akuyankhula, pakuti khutu limadziwa mau a munthu koposa chida chilichonse choimbira, ndipo sipika ya m'tchalitchi kapena ya pa msonkhano ntchito yake yaikulu ndi imeneyo. Pemphani wogulitsa aike zipangizo ziwiri moyandikana, voliyumu ikhale yofanana monga mungathere. Kenaka inu tembenukani, muyang'ane kukhomo, mnzanuyo azisintha kuchoka pa china kupita pa china msangamsanga osakuuzani. Chitani zimenezi kasanu kapena kupitirira, ndipo mnzanuyo azilemba chimene mwasankha ulendo uliwonse. Wogulitsa mwina adzakuyang'anani modabwa, mwinanso adzaseka. Msiyeni aseke. Mukatembenuka n'kupeza kuti nthawi zonse mumaloza chotsika mtengo, kapena kuti mwalephera kusiyanitsa, ndalama zotsalazo mukagulire batire ndi sola, kuti muzimverabe wailesi magetsi akathima.